Kodi kulimba mtima kumatha? Yankho kwa mayi amene akuopa kuyambiranso geni

Funso

Alangizi, ndine mayi wa zaka 54, ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Bambo anga anali a ku Ntcheu koma ine ndinabadwira konkuno. Ndagulitsa kaunjika zaka zoposa 20. Mu 2005 kanyumba kanga ndi benchi yanga zinagwetsedwa, ndinayambiranso. Mu 2008 ndinkapita ku Musina, ku South Africa, kukaoda sopo ndi mafuta ophikira, kugona panja pachipata cha m'malire cha Beitbridge. Chaka chatha msika umene ndinkagulitsiramo unapsa usiku ndipo mabelo anga 3 anapsera momwemo. Ana anga anasonkherana madola 400 kuti ndiyambirenso, koma ndalamazo zangokhala m'nyumba miyezi 5 tsopano. Ndikangoganiza zokaoda katundu mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, usiku tulo osabwera. Kawiri konse ndinakwera kombi n'kutsikira panjira. Azimayi anzanga a kutchalitchi amati, "Inuyo mwadutsa m'zambiri, lero mukuopa chiyani?" Mawu amenewa amangondichititsa manyazi. Kodi kulimba mtima kwanga kunapita kuti? Kodi kumatha ngati mchere m'chitini?

Yankho

Mayi, pepani kwambiri ndi za moto uja. Mabelo 3 si kanthu kochepa, ndipo amene sanagulitsepo kaunjika sangadziwe kuti belo limodzi ndi miyezi ingati ya kudzimana. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza. Kulimba mtima sikutha ngati mchere. Zimene munachita mu 2005 ndi mu 2008 zidakali zanu mpaka lero. Kungoti mmene mukuzikumbukirira panopa, ndi mmene anzanu akukukumbutsirani, sizikukuthandizani, mwinanso zikukupwetekani. Pali kakumbukiridwe kena kamene kamadzutsa munthu, ndipo n'kamene ndikufuna tikambirane.

Azimayi a kutchalitchi akunena zoona, ndipo akunena mwachikondi. Koma taonani chimene mawu awo amachita akafika mumtima mwanu. Akati "mwadutsa m'zambiri," m'maganizo mwanu mumabwera mayi wina wamphamvu, wosagwedezeka, amene anagona pa Beitbridge osaphethira n'komwe. Kenako mumadziyang'ana lero muli m'kombi, m'manja muli thukuta lokhalokha, n'kuona kuti mayi ujayo si inu. M'malo molimbikitsidwa mumangodziona kuchepa. Mayi wosaopa ujayo sanakhaleko, Mayi. Amene analipo mu 2008 ankaopa monga mukuopera leromu, mwinanso kuposa, kungoti zaka zafufuta mbali imeneyo ya nkhani.

Zimenezi ndinaziona koyamba kunyumba kwathu. Bambo anga anachoka ku Dedza ali mnyamata m'zaka za m'ma 1950, mzinda uno ukutchedwa Salisbury. Tili ana ku Mabvuku nkhani ya ulendo wawo tinkaimva kawirikawiri, makamaka pamaliro azibambo akazungulira moto, ndipo inali yaifupi zedi: tinanyamuka, tinawoloka Zambezi pa Tete, tinafika, tinalembedwa ntchito. Basi. Ine ndinkangoti bambo anga sadziwa mantha, ndipo ndikaopa kanthu ndinkadziona ngati si mwana wawo. Atakalamba, akudwala matenda amene anapita nawo, tsiku lina ndikuwamwetsa phala ndinawafunsa funso lachibwana: "Kodi panjirapo munkadya chiyani?" Anati chimanga chokazinga ndi mtedza, m'kathumba kamene amayi awo anawasokera. Funso limenelo linatsegula zina zonse. Nthawi imeneyo mlatho wa pa Tete kunalibe, unadzatsegulidwa mu 1973, ndiye anthu ankawoloka pamadzi. Bambo sankatha kusambira, ndipo mtsinje waukulu chotero anali asanauonepo. Usiku wonse sanagone, anasanza kawiri, ndipo mbandakucha anamanga kathumba kawo kuti abwerere kumudzi. Pagulupo panali mkulu wina amene anali atawolokapo katatu. Bambo anamupempha kuti akhale kumbuyo kwake m'bwato, ndipo ulendo wonse wapamadziwo maso awo anali pachigamba cha malaya a mkuluyo, pakati pa mapewa. Madzi sanawayang'ane ngakhale kamodzi.

Nkhani yaifupi ija inangondiuza kuti bambo anali munthu wamkulu, ndipo sinandipatse chilichonse choti ndigwiritse ntchito. Yaitaliyi inandipatsa zinthu zogwirika m'manja: kuti munthu akhoza kusanza ndi mantha usiku n'kuwoloka m'mawa, komanso kuti kuwolokako kuli ndi kachitidwe kake, kukhala kumbuyo kwa amene anawolokapo. Inunso muli ndi nkhani ziwiri za 2008. Anzanu akukupatsani yaifupi. Yaitaliyo amene akuidziwa ndinu nokha.

Akatswiri a za maganizo anaifufuza nkhaniyi. Mmodzi mwa iwo, Albert Bandura wa pa yunivesite ya Stanford ku America, ankathandiza anthu oopa njoka mopitirira muyeso. Sankawauza kuti limbani mtima. Ankawatenga pang'onopang'ono: ayang'ane njoka yopanda ululu ili m'bokosi iwo ali patali, kenako ayandikire, aone wina akuigwira, aikhudze atavala magolovesi, mpaka aigwire ndi manja awo. Mu 1977 analemba zimene anapeza, kuti chimene chimalosera bwino ngati munthu achitedi chinthu chimene amaopa ndi chikhulupiriro chake chakuti ichi ndingathe kuchichita. Anatchula magwero 4 a chikhulupiriro chimenechi: zimene munthu anachitapo yekha zikatheka, kuona mnzake wofanana naye akuchita, mawu olimbikitsa a anthu ena, ndi mmene munthu amamasulirira zimene thupi lake likuchita. Lamphamvu kuposa onse ndi loyambalo. Mawu a anthu ena mphamvu yake ndi yochepa, ndipo amasungunuka msanga munthu akafika pamalo oopsawo. N'chifukwa chake azimayi angakulimbikitseni Lamlungu lonse, koma Lolemba m'kombi mawu awo osapezekamo.

Bandura anaonanso chinthu china chimene ndimakumana nacho pafupifupi tsiku lililonse pantchito yanga. Kupambana kwakale kumamanga munthu ngati mwiniwakeyo akuvomereza kuti iye anachitapo kanthu. Ndikafunsa amayi a msinkhu wanu kuti munapulumuka bwanji mu 2008, yankho limakhala lakuti "unali mwayi chabe," kapena "tinkangotsatira anzathu," kapena "ndi chisomo cha Mulungu." Chisomo sindikuchitsutsa, inenso ndimapemphera. Koma chisomocho chinadzera m'miyendo yanu. Ndinu amene munadzuka usiku, munawerenga marandi, munasankha kuoda sopo m'malo mwa shuga chifukwa munkadziwa chimene chikuyenda malonda ku Mufakose sabata imeneyo. Kumbukirani mmene Davide anayankhira mfumu Sauli pa 1 Samueli 17. Anatamanda Mulungu amene anamupulumutsa kwa mkango ndi chimbalangondo, komanso anafotokoza zimene manja ake anachita, kutsatira chilombocho, kuchikantha, kulanditsa mwanawankhosa m'kamwa mwake. Zonse ziwiri anazinena pamodzi, ndipo sitinena kuti ankadzikuza. Ife tinaleredwa kuti kudzitchula n'kunyada, makamaka munthu wamkazi, ndipo ana a anthu obwera kuno tinaphunziranso kusadzionetsera poopa kutchedwa mayina. Khalidwe limenelo lili ndi ubwino wake, koma limatibera umboni umene timaufuna tsiku la mantha.

Tsono chimene ndikukupemphani n'chakuti musankhe tsiku limodzi lokha. Chaka chonse cha 2008 n'chachikulu kwambiri. M'masitolo munalibe kanthu, ndalama inkatha mphamvu munthu ali pamzere wa kubanki mpaka mu Januwale 2009 kunatuluka pepala la madola a Zimbabwe 100 thililiyoni, kolera inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndipo ku Budiriro, pafupi nanu pomwepo, kunali maliro okhaokha. Mukaganizira zonsezi pamodzi mumangomva kulemera. Tengani ulendo wanu woyamba wa ku Musina. Munadzuka nthawi yanji? Ana munawasiyira ndani? Ndalama munazimanga pati, m'chitenje, m'sokosi, kapena munazisokera mumpendero wa siketi? Pa makilomita pafupifupi 580 a msewu wa ku Beitbridge, munakhala ndi ndani pampando? Mutafika pamzere wodinditsa pasipoti m'mimba munkamva bwanji, ndipo munachita chiyani kuti musatuluke pamzerepo? Funso lomalizali ndilo lofunika kwambiri. Mwina munkaimba nyimbo chamumtima, mwina munkawerenga anthu amene ali kutsogolo kwanu, mwina munagwira mkono wa mayi amene munali naye. Chilichonse chimene munachita, chimenecho ndi chida chanu. Munachipanga nokha, ndipo chinagwira ntchito pa thupi lanu lomweli.

Nkhaniyi musaikumbukire chamumtima, chifukwa chamumtima imafupikanso. Ifotokozereni mwana wanu wamkazi kapena mdzukulu, iye azikufunsani mafunso achibwana ngati langa lija la chakudya. Ngati simukufuna kuti wina amve, ijambuleni pafoni, m'Chichewa, m'Chishona kapena mosakaniza monga timalankhulira kuno. Mukamaimvera mudzaona kuti mayi wa mu 2008 akufanana kwambiri ndi amene anatsika kombi panjira uja.

Apa ndikuchenjezeni. Si zonse zimene munadutsamo zimene mungatungemo mphamvu. Pali zimene zinakuchitikirani, pali zimene inu munachita, ndipo anthu amaziphatikiza. Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi malo ogulitsirapo amene linkati ndi osaloledwa, itayamba mu Meyi 2005, lipoti la nthumwi ya United Nations, Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba, pogwirira ntchito, kapena zonse ziwiri. Inu munali mmodzi wa iwo. M'tsiku limene munaima n'kumaonerera kanyumba kanu kakugwa muli bala, ndipo kulibwereza tsikulo m'mutu usiku kumangokuza mantha, chifukwa limakuuzani kuti chilichonse chimene mumanga chimagwetsedwa. N'chimodzimodzinso ndi m'mawa umene munapeza phulusa pamsika. Tsiku loti mulifunefune ndi lina: m'mawa woyamba umene munayala thumba pansi n'kuikapo tizovala tingapo, anthu akudutsa, inu maso ali uku ndi uku. Mpamba wake munaupeza kuti? Munayamba ndi zovala zingati? Ndikukhulupirira kuti simunayambe ndi belo lathunthu.

Nanga n'chifukwa chiyani lero zikuvuta kuposa kale? Mu 2008 ana anali aang'ono, njala inali pakhomo, kubwerera panjira kunali kosatheka. Mantha analipo koma analibe mpata wokulamulani. Lero ana akula, akukuthandizani, mukatsika kombi mumakapezabe ufa m'nyumba. Limeneli ndi dalitso, koma lapatsanso mantha pokhala. Mantha amakula ndi kuthawa. Mutatsika kombi paja mtima unakhala m'malo nthawi yomweyo, si choncho? Mpumulo umenewo ubongo umaulandira ngati umboni wakuti kutsogoloko kunalidi choopsa, ndipo mwapulumuka chifukwa chotsika. Ulendo wotsatira umakuchenjezani msanga kuposa poyamba. Miyezi 5 ya kupewa msika yakhala miyezi 5 ya phunziro limeneli.

Palinso china chimene simunachitchule koma ndikuchimva m'kalata yanu. Ndalamazi ndi za ana. Mu 2005 mukanaluza, mukanaluza zanu. Lero mukaluza muyenera kuyang'ana m'maso ana amene anadzimana chifukwa cha inu. Dzifunseni moona mtima: kodi ndikuopa moto, kapena ndikuopa tsiku louza ana kuti ndalama zawo zapita? Ngati n'chachiwirichi, nkhaniyo ithere pakhomo panu msika musanaufike. Aitaneni, akhale pansi, muwafunse mwachindunji kuti, "Ana anga, ndalamazi zikatayika tidzatani?" M'mabanja ambiri amene ndakhala nawo pazokambirana zotere, ana amayankha kuti iwo anapereka pofuna kuona mayi awo akudzuka m'mawa, akuseka ndi makasitomala, ndipo za phindu sankaziwerengera. Mwina anu anena zina, koma ndi bwino kumva yankho lawo lenileni kusiyana ndi limene mumadzipangira usiku. Munthu amene wagwetsedwa kawiri amayambanso kuganiza kuti tsoka lamuloza chala, paja amati mvula ikakuona litsiro sikata. Moto uja sunasankhe inu, Mayi. Unapsereza katundu wa aliyense amene anali ndi benchi pamalopo.

Za thupi lanu ndifotokoze pang'ono, chifukwa anthu ambiri amaopa mantha awowo kuposa chimene chawaopsa. Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene kamagwira ntchito ya ulonda. Kakaona chinthu chofanana ndi chimene chinakupwetekani kamaliza belu inu musanaganize n'komwe. Thupi limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga kuti magazi afike msanga m'minofu, mpweya umafupika, thukuta limatuluka. Mlonda ameneyu sasiyanitsa msika umene ukuyaka ndi ulendo wopita kumsika. Chofunika kudziwa n'chakuti zonsezi zimakwera, kufika pachimake, n'kutsika zokha ngakhale musathawe, chifukwa thupi silingakhale pamwamba pamenepo mpaka kalekale. Amene amatsika kombi zili pachimake sapeza mwayi woona kutsikako. Zikakuyambani, pondani pansi ndi mapazi onse awiri, muzitulutsa mpweya pang'onopang'ono, motalikirapo kuposa mmene mwaukokera. Mantha sathera pomwepo, koma zimakupatsani chochita podikira kuti atsike.

Musadabwenso kuti mantha amene munawagonjetsa kale abwerera. Ivan Pavlov wa ku Russia, amene anatchuka ndi kafukufuku wa agalu, anaona kuti chizolowezi chimene galu waphunzira chikazimitsidwa, pakapita nthawi chimatha kudzukanso chokha. Ofufuza za mantha amene anabwera pambuyo pake anapeza zomwezo mwa anthu. Tikagonjetsa mantha phunziro lakale silifufutika, timangomanga latsopano pamwamba pake, ndipo tsoka lina, kutopa kapena kusowa tulo zimatha kuvundukula lakalelo. Izi zimachitikira aliyense amene ali ndi ubongo, ndipo sizikusonyeza kuti mwafooka. Phunziro latsopano lija nalonso silinafufutike, n'chifukwa chake nthawi zambiri amene anadutsapo kale amadutsanso msanga kuposa woyamba kumene.

Sindikufuna kukunamizani kuti mantha anu onse ndi opanda pake. Misika yathu imapsadi, ndipo katundu wa ogulitsa ambiri alibe inshuwalansi. Mbali imeneyi ya mantha imvereni, ikukupatsani nzeru. Madola 400 onse musawatenge. Tengani 50 kapena 60, otsalawo apatseni mwana mmodzi asunge. Belo lisiyeni kaye. Sankhani zovala zingapo kwa anzanu amene atsegula belo, zokwana m'chikwama chimodzi choti madzulo mubwerere nacho kunyumba. Makasitomala a zaka 20 sanapse ndi moto, ambiri ali pa WhatsApp, ndipo ana angakujambulireni zithunzi za katundu. Maso anu odziwa nsalu yabwino pakati pa mulu, ndi pakamwa panu podziwa kunenerera mtengo, zonsezi mukadali nazo. Kwa akatapila musapiteko n'komwe. Ngongole ya chiwongoladzanja pa mtima umene ukuthamanga kale ndi moto wachiwiri.

Koma musanaode chilichonse, pitani kumsika opanda ndalama ya katundu, ya kombi yokha. Musapite nokha. Ngati alipo mnzanu amene naye katundu wake anapsa koma anabwerera, ameneyo ndiye woyenera, chifukwa kuona munthu wofanana nanu ataimanso pabenchi kumalankhula kuposa ulaliki. Musananyamuke muuzeni chimene mukuganiza kuti chichitika: ndikomoka, ndilira pagulu, anthu andiloza. Mukabwerako yerekezani zimene munanena ndi zimene zachitikadi. Tsiku loyamba cholinga chingakhale chaching'ono, kupitirira siteji imene munatsikira paja ngakhale ndi imodzi yokha, n'kutsika chifukwa mwafika pamene munapangana, osati chifukwa mtima walamula. Tsiku lina mufike kumsika, muzungulire, mugule tomato. Lina mukapatse moni amene munkaoda kwa iye. Lina mukaime pamene panali benchi yanu, ndipo misozi ikabwera isiyeni ituluke, munataya chuma chenicheni pamalopo. Ndalama ya katundu idzabwere pamapeto. Maulendowa akhale oyandikana, katatu pa sabata ngati n'kotheka, chifukwa kamodzi pa mwezi mantha amakhala atameranso. Musadikire kuti mantha athe kaye ndiye muyambe. Mukatero ndalamazo zikhalanso m'nyumba miyezi ina 5.

Madzulo aliwonse lembani mizere itatu m'kope lija munkalembamo angongole: chimene ndimaopa, chimene ndachita, chimene chachitika. Umboni wa 2008 ungakukwezeni kombi tsiku loyamba, koma umboni wa dzulo ndi wamphamvu kuposa wa zaka zambiri zapitazo, ndipo ndi umene udzakuyendetsani m'masabata otsatira. Patsamba loyamba lembanipo maulendo awiri aja amene munatsika kombi panjira. Inu mukuwawerenga ngati manyazi. Ine ndikuona mayi amene sanagone usiku, koma m'mawa anasamba, anamanga chitenje, anatenga ndalama, anayenda mpaka pasiteji n'kukwera, kenako n'kuyeseranso tsiku lina.

Za tulo sindikuzitenga mopepuka. Pitani kukiliniki akakuyezeni BP ndi shuga, muwauze za mtima wothamanga ndi thukuta. Pa zaka 54, kusintha kwa thupi kumene kumabwera mayi akamasiya kusamba, komanso matenda a chithokomiro, zimatha kubweretsa zizindikiro zomwezi kapena kuzikuza. Mapiritsi a tulo ogula mumsewu musamwe. Kuno ku Harare tilinso ndi thandizo limene linabadwira pakhomo pathu pomwe. Mu 2006, patangopita chaka Murambatsvina itachitika, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene pa Chishona amati kufungisisa, kuganiza kwambiri. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, n'kupeza chimene angachite sabata imeneyo. Kafukufuku wa anthu 573 m'makiliniki 24 a mumzinda uno, amene anasindikizidwa mu 2016, anapeza kuti patatha miyezi 6 amene anakhala pabenchi anali ndi zizindikiro zochepa za nkhawa ndi kukhumudwa poyerekeza ndi amene analandira chithandizo cha masiku onse. Agogowo salipiritsa. Funsani anamwino a kukiliniki ya kwanuko akulozereni benchi yapafupi.

Ngati mumalota moto kawirikawiri, mumamva fungo la utsi pamene palibe, mumadzidzimuka ndi kaphokoso kalikonse, chakudya chasiya kukoma, kapena mumafika poganiza kuti kuli bwino kungofa, uzani namwino ndi mwana wanu mmodzi tsiku lomwelo, musadikire. Zikatero ulendo wokaima pamalo amene panapsa udikire kaye mpaka mutaonana ndi achipatala, ndipo akaona kuti n'kofunika angakutumizeni kwa madokotala a za maganizo ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, kumene ambiri timangoti ku Gomo. Zizindikiro zoterezi zili ndi chithandizo chake, ndipo ndaona anthu ambiri akuchira.

Azimayi a kutchalitchi musawakwiyire. Akufuna kukuthandizani koma sakudziwa pogwira, ndiye apatseni pogwira. Wina akadzanenanso kuti mwadutsa m'zambiri, muyankheni kuti, "Eya amayi, ndinadutsa, koma sindinadutse ndekha. Kodi Lachiwiri m'mawa muli ndi mpata?" Ndipo pamene mukufotokoza nkhani ya ulendo woyamba wa ku Musina, mukafika pa amene munakhala naye pampando m'basi muja, imani kaye mufunse ana ngati angakupezereni nambala yake. Ngati akadali moyo ndipo ali mumzinda muno, muyambe kupempha iyeyo.